Kalata yotseguka kwa Boma la Zambia: titulutsireni lipoti lonse la ngozi ya ndege ya ku Libreville

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Chitetezo, a Nduna ya Zamtengatenga, a Mkulu wa Zambia Air Force, ndi atsogoleri a bungwe loyendetsa mpira la FAZ.

Olemekezeka,

Kwathu kuno kum'mawa, maliro akafika pa mwambo wotsanzikana, munthu mmodzi wa kubanja amaimirira pamaso pa khamu n'kufotokoza momwe malemu anadwalira, tsiku lomwe anayamba kudandaula, kuchipatala komwe anathamangira naye, ndi nthawi yomwe anatsirizika. Mawu amenewa saukitsa wakufayo, koma palibe banja lomwe limawadumpha, chifukwa anthu sabalalika kumanda ndi mtima wokhazikika ngati sanamve chomwe chinatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ndikukulemberani kalatayi chifukwa pa maliro a anthu 30 amene tinawaika ku manda a Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka mu Meyi 1993, wa kubanja uja sanaimirirebe mpaka lero, ndipo wa kubanjayo ndi inu amene muli ndi makiyi a maofesi momwe mukusungidwa mapepala a nkhaniyi.

Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali athu ya mtundu wa DHC-5 Buffalo inanyamuka pa bwalo la ndege la Libreville ku Gabon, itanyamula timu yathu ya mpira yomwe inkapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal mu ndime yolimbirana malo ku World Cup ya 1994. Patangopita mphindi zochepa inagwera m'nyanja ya Atlantic, mtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera kugombe. Munali osewera 18, aphunzitsi awo a Godfrey Chitalu ndi a Alex Chola, mtsogoleri wa FAZ a Michael Mwape, ena operekeza timuyo, ndi asilikali asanu oyendetsa ndi kusamalira ndegeyo. Palibe anapulumuka. Ine ndinamva uthengawo m'mawa mwake pa kawailesi ka mnzanga wina wa kuntchito, titaima pakhonde, ndipo ndikukumbukira kuti mnzangayo anagwedeza kawailesiko ngati kuti mabatire ndiwo akunama. Masiku awiri okha m'mbuyomo Kelvin Mutale anali atagoletsa zigoli zitatu ku Mauritius, ndipo ambiri a ife tinali tisanaleke kunyadira momwe Efford Chabala, Derby Makinka ndi Wisdom Chansa anathandizira kuchititsa manyazi Italy ndi zigoli 4 kwa 0 ku Gwangju, South Korea, pa masewero a Olympics a 1988.

Zomwe anthu wamba timadziwa za chomwe chinagwetsa ndegeyo zinachokera ku Gabon, ndipo zinatuluka mu 2003, patatha zaka khumi. Lipoti la kumeneko linati injini ya kumanzere inagwira moto n'kufa ndege ikukwera, ndipo woyendetsa anazimitsa injini ya kumanja yomwe inali bwinobwino, kotero kuti ndegeyo inatsala yopanda mphamvu konse. Linatchulanso nyali yochenjeza yomwe inali yolakwika, komanso kutopa kwa woyendetsayo, amene anali atangobwera ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius dzulo lake. Zimenezi zikafotokozedwa mwachidule chotere, womvera amangotolapo chinthu chimodzi, chakuti woyendetsa ndege analakwitsa, ndipo mlandu wonse umagwera munthu amene ali m'manda ndipo sangadziyankhire. Ine sindikukhutira nazo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kufa kwa injini imodzi ndege itangonyamuka si chinthu chomwe chimayenera kupha anthu. Ndege zonyamula anthu za injini ziwiri zimapangidwa kuti zithe kukwera ndi injini imodzi, ndipo oyendetsa amaphunzira zimenezi mobwerezabwereza. Komabe nthawi imeneyi ndi yovuta kuposa ina iliyonse pa ulendo, chifukwa ndege imakhala yolemera ndi mafuta, ili pafupi ndi nthaka, ndipo liwiro lake likadali lochepa. Injini ya kumanzere ikafa, ya kumanja imapitiriza kukoka ndi mphamvu zake zonse, ndiye mphuno ya ndege imakhotera kumanzere, monga momwe ngolo imakhotera ng'ombe imodzi ikagwada pagoli inzake ikukokabe. Woyendetsa amayenera kuponda chiwongolero cha kumchira ndi phazi la kumanja kuti aiwongole, ndipo phazi lomwe latsala lopanda ntchito ndilo limamuuza mbali yomwe injini yafa. Pa ndege ya mapulopela ngati Buffalo palinso ntchito ina yofulumira, yotembenuza masamba a pulopela ya injini yakufayo kuti aime chammbali ngati mpeni wodula mphepo, chifukwa akangosiyidwa amazungulira okha n'kumakokera ndege m'mbuyo. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, mabelu akulira, ndege ikunjenjemera, ndipo ku Libreville zinachitika usiku pamwamba pa nyanja, pomwe maso alibe poonera kuti thambo lathera pati ndipo madzi ayambira pati. N'chifukwa chake lamulo la ntchitoyi limati woyendetsa asakhudze chozimitsira injini mpaka mnzake wa pambali atayang'ana ndi kuvomereza kuti ndi yomweyodi. Tsono ngati nyali yomwe onse awiri akuidalira ikunama, munthu wotopa angadzipulumutse bwanji?

Cholakwa chozimitsa injini yabwino sichinayambire kwa msilikali wathu. Pa 8 Januwale 1989, zaka zinayi ngozi yathu isanachitike, ndege ya British Midland ya mtundu wa Boeing 737-400 inanyamuka ku London kupita ku Belfast ndi anthu 126. Ikukwera, tsamba limodzi la chipupizo cha injini ya kumanzere linathyoka, ndege inayamba kugwedezeka koopsa, ndipo fungo la utsi linalowa mkati. Oyendetsa anaganiza kuti vuto lili kumanja, mwa zina chifukwa pa mitundu yakale ya 737 yomwe anaizolowera mpweya wa mkati unkachokera makamaka ku injini ya kumanja, pomwe pa mtundu watsopanowu makonzedwe anali atasintha. Atachepetsa mphamvu ya injini ya kumanja kugwedezeka kunachepa, chifukwa pochita zimenezo anachotsanso makina omwe ankathira mafuta ochuluka mu injini yovulala ija, ndipo iwo anatenga bata limenelo ngati umboni woti alasa pomwepo. Anaizimitsa. Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti anthu okhala kumbuyo anaona ndi maso awo malawi akutuluka kumanzere, anamva mkulu wa ndege akulengeza kuti wazimitsa ya kumanja, anadabwa, koma palibe anatumiza mawu kutsogolo, poganiza kuti akatswiri akudziwa chomwe akuchita. Injini yovulalayo inawatenga mpaka pafupi ndi bwalo la East Midlands, koma atawonjezera mphamvu kuti atere inafa, ndipo ndegeyo inagunda chiunda cha msewu waukulu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth, bwalo likuonekera patsogolo pake. Anthu 47 anamwalira.

Chomwe ndikufuna kuti muone ndi zimene dziko la Britain linachita pambuyo pake. Chaka chotsatira bungwe lawo lofufuza ngozi za ndege linatulutsa lipoti lomwe aliyense angathe kuwerenga, ndipo ngakhale silinabise kuti oyendetsa anapupuluma, linafukulanso zomwe zinali pansi pa kupupulumako. Linasonyeza kuti timawotchi tosonyeza kugwedezeka kwa injini tinali tating'ono ndi tosavuta kutiphonya, kuti maphunziro omwe oyendetsawo analandira posamukira ku mtundu watsopanowu anali operewera, ndiponso kuti injini za mtunduwo zinali ndi chilema chomwe chinkaoneka zikamagwira ntchito mwamphamvu m'mwamba. Masamba atathyokanso pa ndege zina za mtundu womwewo, zonse zinaimitsidwa kaye mpaka injinizo zitakonzedwa. Kuchokera pa ngozi imeneyo, ogwira ntchito m'chipinda cha apaulendo anayamba kuphunzitsidwa mwamphamvu kuti akaona moto kapena utsi azikauza oyendetsa mosaopa udindo, ndipo ngakhale kakhalidwe komwe wapaulendo amauzidwa kuti akhale ndege ikamagwa kanaunikidwanso. Mabanja a omwe anafera ku Kegworth analira monga tinalirira ife, koma iwo akudziwa tsamba lomwe linathyoka ndi chifukwa chake.

Ku Taiwan zinachitikanso pa 4 Febuluwale 2015. Ndege ya TransAsia ya mtundu wa ATR 72 itangonyamuka ku Taipei, pulopela ya kumanja inadzitembenuza yokha n'kusiya kukoka chifukwa cha kadukidwe ka magetsi m'kachipangizo kena, ndipo woyendetsa anachepetsa n'kuzimitsa injini ya kumanzere. Ndegeyo inakhudza galimoto ya takisi pa mlatho ndi phiko lake n'kugwera mumtsinje wa Keelung, ndipo mwa anthu 58 anafa 43. Ofufuza a kumeneko anaulula poyera ngakhale chinthu chochititsa manyazi kampaniyo, chakuti mkulu wa ndegeyo anali atalepherapo mayeso a m'makina oyeserera kuulutsa ndege, pa phunziro lomweli la kufa kwa injini ponyamuka.

Palinso ngozi ina yomwe imaphunzitsa kuti nthawi zambiri ndege imagwetsedwa ikadali pansi, miyezi ingapo tsiku la ngozi lisanafike. Pa 25 Meyi 1979 ndege ya American Airlines ya mtundu wa DC-10 ikunyamuka ku Chicago, injini yonse ya kumanzere inazuka pa phiko n'kugwera pa msewu wa ndege. Pozuka inadula mapaipi a mafuta oyendetsera zitsulo za kutsogolo kwa phiko, zitsulozo zinabwerera mkati, ndipo magetsi a chipangizo chomwe chikanachenjeza oyendetsa anazima limodzi ndi injiniyo. Oyendetsa anachita ndendende zomwe buku lawo linkawalamula, kuchepetsa liwiro kufika pa mlingo wolembedwa, ndipo mlingo umenewo ndi womwe unachititsa kuti phiko lopunduka lija lileke kunyamula. Anthu 273 anafa, awiri mwa iwo ali pansi. Ofufuza anatsatira mapazi a ngoziyo mpaka ku malo okonzera ndege ku Tulsa, komwe amakaniko, pofuna kupulumutsa nthawi, ankachotsa injini pamodzi ndi chogwirira chake pogwiritsa ntchito makina onyamulira katundu a forklift, njira yomwe inang'alula chitsulo mosaoneka. Akanakhala kuti ofufuzawo anangoima pa zomwe oyendetsa anachita m'masekondi omaliza, ming'alu yofanana yomwe inapezeka pa ma DC-10 ena ikanadikira tsiku lake.

Olemekezeka, mafunso omwe anafunsidwa ku Kegworth, ku Taipei ndi ku Chicago ndi omwewo amene ife takhala tikuyembekeza kuti boma lathu liwayankhe. Zinamveka kuti Buffalo ija inakhala miyezi ingapo isakuuluka kuchokera chakumapeto kwa 1992, kuti inayesedwa m'masiku omaliza a Epulo 1993, ndipo kuti poiunika anapeza zolakwika mu injini, kuphatikizapo tizidutswa ta mwaye m'zosefera mafuta ndi mawaya osalumikizika. Ngati zili zoona, ndani anasaina kuti ndegeyo ndi yoyenera kunyamula anthu ulendo wautali wodutsa Brazzaville, Libreville ndi Abidjan mpaka ku Dakar? Zinamvekanso kuti vuto la injini linaoneka kale pomwe anaima koyamba ku Brazzaville. Kodi oyendetsa analankhula ndi akuluakulu awo ku Lusaka ali kumeneko, ndipo anayankhidwa chiyani? Kodi msilikali amene wauzidwa kuti timu ya dziko iyenera kufika ku Dakar pa tsiku lake anali ndi ufulu weniweni wonena kuti ndege iyi sinyamuka? Ndipo ndani anakonza ndandanda yoti munthu amene wangodutsa nyanja ya Indian Ocean kuchokera ku Mauritius anyamukenso m'mawa mwake kulowera kumadzulo kwa Africa? Tonse tikudziwa kuti FAZ inkadalira ndege ya asilikali chifukwa ndalama zinali zosowa m'zaka zimenezo, ndipo kusowa ndalama si mlandu. Koma pakati pa kusowa ndalama ndi kugwa kwa ndege pali anthu amene anapanga ziganizo, ndipo ziganizo zimenezo zinalembedwa penapake.

Ndikudziwa yankho lomwe lamulo limakupatsani. Pangano la mayiko la zaulendo wa pandege lomwe linasainidwa ku Chicago mu 1944 limanena kuti ndege za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu ndi ndege za boma, ndipo sizili pansi pa panganolo. Choncho gawo lotchedwa Annex 13, lomwe limati cholinga chokha cha kafukufuku wa ngozi ndi kuteteza kuti ina isachitike osati kupeza wolakwa, ndiponso kuti lipoti lomaliza litulutsidwe poyera mwamsanga, ngati n'kotheka pasanathe miyezi 12, silikukakamizani pa nkhani ya Buffalo. Koma mpata umenewu unasiyidwa poganizira ndege zonyamula zida ndi zinsinsi za nkhondo. M'ndege ija munali magoli kipa, mphunzitsi amene anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972, ndi anyamata onyamula zikwama za nsapato za mpira. Boma likakweza anthu wamba m'ndege ya asilikali, liyenera kuwapatsa chitetezo chonse chomwe akanachipeza m'ndege ya kampani, ndipo ikagwa liyenera kufotokoza monga momwe kampani ikanakakamizidwira kufotokoza.

Anansi athu a ku Malawi anakumana ndi funso lomweli mu Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali awo ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Imeneyo sinali ngozi ya injini, ndipo sindikuifanizira ndi yathu pa chomwe chinaichititsa. Ndikuitchula chifukwa akatswiri a ku Germany amene anaitanidwa kudzafufuza anatulutsa poyera zomwe anapeza, kuphatikizapo zowawa kumva, monga zakuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Amalawi akukanganabe za ngoziyo, koma ali ndi pepala loti alozepo chala pokangana. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo ife tiyenera kudzifunsa ngati ndege za asilikali athu zomwe zimanyamula nduna, mafumu ndi anthu ena wamba masiku ano zili ndi makina amenewo.

Ena adzanena kuti kutulutsa lipotili kungatsegule zilonda, kapena kungasokoneze ubale wathu ndi Gabon. Ine ndikuona kuti chomwe chinasokoneza ubalewo ndi chete wanuyu. Pomwe panalibe kufotokoza, mphekesera zinamera ngati bowa, kuphatikizapo zoti ndegeyo inachita kuomberedwa, ndipo pomwe tinagonja kwa Morocco ku Casablanca mu Okutobala 1993 pa masewero omwe woimbira wake anali wa ku Gabon, mkwiyo wa anthu unali wa zinthu zoposa mpira. Ngakhale mu 2012, pomwe anyamata a mphunzitsi Hervé Renard anakaponya maluwa pagombe lija pamodzi ndi a Kalusha Bwalya n'kukatenga chikho cha Africa mu mzinda womwewo wa Libreville, chimwemwe chathu chinatipukuta misozi koma sichinayankhe funso ndi limodzi lomwe. Atsogoleri a dziko asinthana kuyambira a Chiluba, a Mwanawasa, a Banda, a Sata, a Lungu mpaka a Hichilema, ndipo chaka ndi chaka akuluakulu amaika nkhata ku Heroes' Acre, pomwe mabanja amabwereza pempho lawo lomwe lija. Palibe mwa inu amene akuimbidwa mlandu wa zomwe zinachitika mu 1993. Koma chaka chilichonse chomwe mapepalawo akhala otsekeredwa inu muli pa mipandoyo, chisankho chowatsekera chimasanduka chanu.

Dziko lathu tsopano lili ndi lamulo la Access to Information la 2023, lomwe limavomereza kuti nkhani zosungidwa ndi boma ndi za anthu. Ndikupempha kuti musadikire kuti mwana wamasiye wa mmodzi wa osewera aja achite kukukokerani ku khoti ndi lamulo limeneli. Tulutsani lipoti lonse la Gabon monga momwe linafikira m'manja mwa boma, pamodzi ndi zomwe Zambia Air Force inapeza payokha, mabuku a kakonzedwe ka ndegeyo, ndi ndandanda ya maola omwe oyendetsa ake anagwira ntchito m'sabata imeneyo. Ngati muli mizere ina yokhudzadi chitetezo cha dziko, ifufuteni mizere yokhayo ndipo munene kuti mwafufuta ingati. Ngati mapepala ena anatayika, nenani kuti anatayika, chifukwa nakonso ndi kufotokoza. Ndipo a Nduna ya Zamtengatenga ndi a Nduna ya Chitetezo, khalani pansi limodzi mukonze lamulo loti ndege iliyonse ya boma yonyamula anthu wamba iziunikidwa ndi maso ena osakhala a eni ake okha, ikhale ndi makina ojambula, oyendetsa ake akhale ndi malire a maola ogwira ntchito omwe mkulu aliyense sangawadumphe, ndipo ikachita ngozi ifufuzidwe ndi bungwe loima palokha lomwe lidzatulutse zopeza zake poyera.

Mabanja a asilikali asanu aja ndi omwe ndimawaganizira kwambiri ndikamalemba zimenezi. Mayina a osewera amaimbidwa m'mabwalo a mpira, pomwe ana a woyendetsa ndegeyo akula akumva kuti bambo awo anazimitsa injini yolakwika, popanda pepala la boma lawo lofotokoza kuti nyali inawauza chiyani, anagona maola angati, ndi kuti ku Brazzaville ananena chiyani. Makolo ambiri a anyamata aja anatsikira kuli chete asanamve, ndipo akazi amasiye amene anali atsikana mu 1993 lero ndi agogo. Lipotilo likatuluka, limasuliridwe m'zilankhulo zathu zisanu ndi ziwiri zomwe zimamveka pa wailesi ya boma, mabanja alandire makope awo poyamba, ndipo pa mwambo wa chikumbutso wa Epulo ukubwerawu mmodzi wa inu aimirire ku Heroes' Acre aliwerenge.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito, Chigawo cha Kum'mawa